Tsaya likatupa, nsagwada ikathyoka: katswiri timupeza kuti ife a ku Tsangano ndi ku Macanga?

Amene timayenda m'misewu ya ku Tsangano ndi ku Macanga tinakumanapo naye munthu uyu. Wakwera kumbuyo kwa njinga yamoto, chibwano wachimanga ndi mpango mfundo ili pamutu, tsaya limodzi latupa mpaka diso latsinzinika. Ukamulonjera sayankha, amangokweza dzanja. Kunyumba wachoka atapirira mlungu wathunthu, mwina iwiri. Ambiri otere saopa chipatala ayi. Chimawachedwetsa ndi kusadziwa khomo loti agogode, komanso mbiri yakuti wodziwa za nsagwada ali kutali, kofuna ndalama za matumba angapo a mbatatesi. Mafunso otsatirawa ndi amene anthu amafunsa zoterezi zikagwa pakhomo.

Kodi katswiri wa nsagwada ndi wosiyana ndi dokotala wa mano amene tinamuzolowera?

Ndi wosiyana, ngakhale ntchito zawo zimayenderana. Amene timamupeza m'chipinda cholembedwa kuti Estomatologia amazula mano, amamata obooka, amatsuka ndi kuchiza nkhama. Katswiri amene tikunena pano, pa Chipwitikizi amati cirurgião maxilo-facial, ndi dokotala amene atatsiriza maphunziro ake oyamba anawonjezera zaka zina zingapo akuphunzira opareshoni ya m'kamwa, nsagwada, masaya ndi mafupa ozungulira diso. Ndiye amalumikiza nsagwada yothyoka, amachotsa chotupa chomera m'kati mwa fupa, amakonza nkhope imene ngozi kapena matenda aiwononga. Ndiyenso amatulutsa dzino lakumapeto lija limene limamera munthu ali pakati pa zaka 17 ndi 25, likakhala kuti lagona chopingasa m'fupa moti chozulira wamba sichingaligwire. Koma dziwani kuti ambiri odwala mano safunika katswiriyu n'komwe. Dzino lobooka, nkhama zotuluka magazi, dzino logwedera, zonsezi zimathera kwa wa Estomatologia.

Ndiye ku Tsangano kapena ku Furancungo alipo?

Musamuyembekezere pa chipatala cha pa boma. Akatswiriwa ndi ochepa kwambiri m'dziko lonse la Mozambique, ndipo ntchito yawo imafuna chipinda cha opareshoni, wogonetsa odwala, makina ojambulira mafupa ndi magazi osungidwa. N'chifukwa chake amapezeka m'zipatala zikuluzikulu, makamaka ku Maputo, ku Beira ndi ku Nampula. Koma izi sizitanthauza kuti munyamuke lero kukakwera basi ya ku Beira. Zipatala za boma zinasanjidwa ngati makwerero. Pansi pali ma centro de saúde, monga a ku Tsangano, Ntengo-wa-Mbalame, Furancungo ndi Chidzolomondo. Pamwamba pake pali chipatala ngati Hospital Rural de Ulónguè m'boma la Angónia, kumene amachita maopareshoni ena. Kenako Hospital Provincial de Tete, ndipo zikakanika kumeneko odwala a chigawo chapakati amatumizidwa ku Hospital Central da Beira, ena mpaka ku Hospital Central de Maputo. Pa sitepe iliyonse pali chimene angakuchitireni, ndipo ambiri amachira asanafike pamwamba. Chosangalatsa n'chakuti mumzinda wa Tete momwemo, yunivesite ya UniZambeze imaphunzitsa madokotala a mano, choncho odziwa kuzindikira matenda a nsagwada akunka nawonjezeka m'chigawo chathu.

Ndiyambire pati tsono?

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo funsani ngati pali wa Estomatologia. Ngati palibe, namwino kapena técnico amene mwamupezayo akuoneni ndithu. Chimene mukufuna kwa iye ndi zinthu ziwiri: chithandizo choyamba, ndi kalata yokutumizani patsogolo, imene amati guia de transferência. Kalatayi musaipeputse. Imanena chimene aona, mankhwala amene akupatsani ndi tsiku limene mwawayamba, ndipo ndiyo imakutsegulirani khomo ku Ulónguè kapena ku Tete. Wopita yekha wopanda guia, pokhapokha ngati ali pangozi, amatha kuima pa bicha (pamzere) tsiku lonse n'kuuzidwa kuti akayambire kumene wachokera. Musanachoke funsani kuti ku chipatala mukupitako odwala za nsagwada amaonedwa masiku ati, ndipo pemphani wachipatalayo aimbe foni ngati angathe. Kuchokera kumapiri kuno kukafika ku Tete ndi ulendo wodya tsiku ndi ndalama, makamaka nthawi ya dzinja misewu ya fumbi ikasanduka matope. Si ulendo woti mukafike n'kumva kuti bwerani Lachinayi.

Ndi zizindikiro ziti zoti munthu asagone nazo pakhomo?

Apa ndipo ndikufuna mumvetsetse, chifukwa dzino limapha. Dzino lam'munsi likaola mpaka kumizu, mafinya amatha kutsikira pansi pa lilime ndi m'khosi. Kutupako kumauma gwa ngati thabwa, kumagwira mbali zonse ziwiri pansi pa chibwano, lilime limakankhidwira m'mwamba. Wodwala amalephera kumeza ngakhale malovu, dovu limangotuluka, mawu amasintha ngati wavumata mbatata yamoto, ndipo sakufuna kugona chagada chifukwa mpweya ukumuthera. Yesani kulowetsa zala ziwiri zosanjikiza pakati pa mano ake akutsogolo. Ngati sizikulowa ndipo thupi latentha, nthawi yatha kale. Ameneyu ndi wa ku banco de socorros, kolandirira odwala mwadzidzidzi, usiku womwewo, ndipo pamenepa guia siidikiridwa. Chimodzimodzi kutupa kochokera ku dzino lakumwamba kukafika potseka diso, magazi osaleka pambuyo pozula dzino, ndi kutupa kulikonse kwa nkhope mwa munthu wa matenda a shuga kapena amene chitetezo cha m'thupi chinatsika. Anthu ena amati ndi matsagwidi, angodikira aphwa okha. Matsagwidi amatupa kutsogolo ndi kunsi kwa khutu, makamaka mwa ana, ndipo sayambira pa dzino lobooka. Dziwaninso kuti chopulumutsa moyo pamenepa sichidikira katswiri wa ku Beira: mankhwala opha tizilombo a mu diripi, kung'amba kuti mafinya atuluke ndi kuchotsa dzino loyambitsalo zimatheka pa chipatala chochita opareshoni. Kuyambira 1984 Mozambique wakhala akuphunzitsa ma técnico de cirurgia kuti ntchito zadzidzidzi zizichitika m'zipatala za kumidzi.

Mwana wanga wagwa pa njinga yamoto, wamenyetsa nkhope. Ndidziwa bwanji kuti nsagwada yathyoka?

Muuzeni alume mano pang'onopang'ono. Akanena kuti mano sakukumana monga kale, kapena mukaona mzere wa mano wadukiza, ena akwera ena atsika, n'kutheka kwambiri kuti fupa laduka. Zizindikiro zina ndi dzanzi pa mlomo wam'munsi, magazi oundana pansi pa lilime, kulephera kutseka kapena kutsegula pakamwa, ndi ululu kutsogolo kwa khutu ngakhale iye wamenyetsa chibwano. Ngati akuona zinthu ziwiriziwiri, tsaya laphwatalala, kapena madzi oyera akutuluka m'mphuno kapena m'khutu, mafupa apamwamba nawo akhudzidwa, mwinanso mutu. Pomunyamula musamugoneke chagada, chifukwa magazi, mano othyoka ndi lilime zimatseka kummero. Akhale tsonga atawerama pang'ono, kapena agone chammbali, ndipo khosi musalipotoze. Musamumwetse madzi kapena thobwa panjira, chifukwa mwina akafika n'kulowa opareshoni. Fupa la nsagwada limayamba kugwirana pakangopita milungu iwiri kapena itatu, ndipo likagwirana mokhota pamafunika kulidulanso, ntchito yaikulu kuposa yoyamba. Choncho kuyembekezera kuti kutupa kuphwe kaye, kapena kuti fodya agulidwe kaye, ndi kumuwonjezera mwanayo mavuto. Ndinene pano chimene chimandiwawa: anyamata athu akuyenda pa njinga zamoto atasenza matumba, atakweza anthu awiri kapena atatu, mutu uli pamtunda. Chipewa chophimba mpaka chibwano chikanatipulumutsira nsagwada zambiri.

Akamanga mano ndi mawaya, munthu amadya bwanji?

Njira yofala yolumikizira nsagwada ndi kumanga mano akumwamba ndi am'munsi pamodzi ndi mawaya kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, kuti fupa lisagwedezeke. Kumene zipangizo zilipo amaika tizitsulo ndi tizomangira pa fupa lenilenilo, ndipo munthu amayamba kutsegula pakamwa msanga. Wa mawaya amadya zamadzimadzi zokhazokha. Ndinaonapo mayi wina akudyetsa mwamuna wake wotere: phala la mgaiwa analisukulutsa ndi mkaka, anathiramo nsinjiro, n'kulisefa pa kansalu koyera kuti pasatsale kachibulumwa. Bamboyo ankakoka ndi kapaipi kudzera pa mpata wa kumapeto kwa mano, pang'onopang'ono, kapu imodzi mpaka phala kuzizira. Madzulo anamusinjira mbatatesi ndi msuzi wa nyemba, n'kusefanso. Ndi mmene ziyenera kukhalira, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, apo ayi munthu amaonda n'kutsala mafupa. Akatha kudya achukuche m'kamwa ndi madzi ofunda amchere. Mowa asayandikire, chifukwa kusanza mano ali omanga n'koopsa. Funsani achipatala akuonetseni chochita akafuna kusanza. Ndipo mawaya asadulidwe kunyumba ati chifukwa ululu watha.

Dzino likaguluka lonse pangozi, lingabwezeretsedwe?

Lingathe, ngati ndi dzino la munthu wamkulu ndipo mwafulumira, makamaka ola limodzi lisanathe. Ligwireni kumutu kwake, osati kumuzu. Ngati lada litsukuluzeni pang'ono osalikwecha, n'kulibwezera pamalo pake, wovulalayo alume kansalu. Zikakanika liikeni mu mkaka, muthamange nalo. Kulikulunga m'pepala kuti liume ndiko kulipha. Dzino la mkaka la mwana wamng'ono sitibwezera, chifukwa lingawononge limene likudza pansi.

Amati kuzula dzino lakumwamba kumachititsa khungu, ndiponso kuti mayi woyembekezera sazulidwa dzino. N'zoona?

Zonse ziwiri si zoona. Mtsempha umene diso limaonera sudutsa m'mano. Chimene chingawononge diso ndi mafinya a dzino loola limene lasiyidwa osazulidwa, akakwera m'tsaya. Mayi woyembekezera akhoza kuthandizidwa, ndipo jakisoni wochititsa dzanzi amene amabaya m'kamwa savulaza mwana. Chachikulu awauze achipatala kuti ali ndi pakati ndi miyezi yake, kuti amusankhire mankhwala oyenera. Mafinya ndi kutentha thupi ndizo zoopsa kwa iye ndi kwa mwanayo. Palinso nkhani ya nyongolotsi za m'dzino, zimene ena amati amazitulutsa ndi utsi kapena mankhwala n'kukuonetsani pa mbale. M'dzino mulibe nyongolotsi. Chimaboola dzino ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga wotsalira m'kamwa n'kutulutsa asidi. Choncho kuthira fodya, petulo, mafuta a mabuleki kapena madzi a m'batire pa dzino kumangootcha nkhama ndi fupa. Ngakhale asipirini wovumata pa dzino amasiya chilonda choyera pa tsaya. Ntchito yake ndi kumeza. Ululu ukatha wokha pambuyo pa masiku ambiri, musasangalale msanga. Nthawi zambiri ndiye kuti mtsempha wa dzinolo wafa, ndipo kuola kukupitirira mwakachetechete kumizu.

Nsagwada yanga ikufufuma pang'onopang'ono koma sikupweteka. Ndidandaule?

Inde, pitani akakujambuleni. Kusapweteka n'kumene kumapusitsa anthu. Pali chotupa china chotchedwa ameloblastoma chimene chimakonda nsagwada yam'munsi, chakumapeto. Si khansa, koma chimadya fupa m'kati mwa zaka, mano amayamba kugwedera ndi kusuntha, nkhope imapendama. Chikapezeka chaching'ono amachotsa kachigawo ka fupa, munthu n'kubwerera kumunda kwake. Chikakula amadula mbali yaikulu ya nsagwada n'kuikapo chitsulo kapena fupa lotengedwa m'chiuno, m'nthiti kapena kumwendo, ntchito imene imatheka m'zipatala zochepa zokha. Kwa ana nkhani ndi ina. Chotupa cha nsagwada chokula mofulumira, m'milungu yochepa chabe, mano n'kumagwedera, chikhoza kukhala khansa imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda, ndipo imatchedwa ndi dzina lake. Imapezeka kwambiri kumadera a malungo. Imeneyi sachiza ndi mpeni kapena kuzula mano, koma ndi mankhwala a khansa, ndipo mwana akafika msanga chotupacho chimayamba kuphwa m'masiku ochepa. Kwa akuluakulu, chilonda cha pa lilime, pa mlomo kapena m'tsaya chimene chatha milungu itatu osapola chiyenera kuonedwa, makamaka mwa osuta chingambwe, oika fodya m'kamwa ndi okonda kachasu. Zigamba zofiirira ngati zakuda kumwamba kwa m'kamwa zimayenderana kawirikawiri ndi kutsika kwa chitetezo, ndipo wotere ayezetse magazi.

Koma amati chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni chimafalikira. Ndivomere kuti adule kachidutswa?

Vomerani. Kachidutswa kameneka, achipatala amati biópsia, ndiko kamauza dokotala mtundu wa chotupacho, ndipo popanda iko amangoyenda mumdima. Chikhulupiriro chakuti mpeni umafalitsa matenda chinabwera chifukwa anthu ambiri amafika kuchipatala nthenda itafalikira kale. Akamwalira pambuyo pa opareshoni, abale amaloza mpeni. Zotsatira zimatenga milungu, chifukwa kachidutswako kamapita ku labotale ya chipatala chachikulu. Lembani tsiku limene akudulani, siyani nambala ya foni imene imagwira, ndipo tsiku limene akuuzani likakwana pitani mukafunse ngakhale asanakuitaneni. Za asing'anga ndinene mosabisa: sindikunyoza aliyense, ndipo ndikudziwa kuti pakhomo pakagwa chotupa chosadziwika mitima imathamangira kuganiza za anthu. Koma mphini zotemedwa pa chotupa zimalowetsa tizilombo, ndipo miyezi imene imathera kumeneko ndi imene chotupa chimakulira. Ngati banja laumirira kupita kwa sing'anga, lisakhale chifukwa choimitsira ulendo wa kuchipatala.

Mwana wabadwa ndi mlomo wong'ambika. Mayi ake analakwa chiyani, ndipo zingakonzeke?

Sanalakwe kanthu. Si kadamsana, si matsenga, si chakudya chimene anadya kapena munthu amene anamuseka. Mlomo ndi denga la m'kamwa zimalumikizana m'miyezi itatu yoyamba ya pakati, nthawi zina mayi asanadziwe n'komwe kuti waima, ndipo mwa ana ena kulumikizanako sikutsirizika. Zimachitika m'mitundu yonse ya anthu padziko lapansi. Zimakonzeka bwino ndithu. Mlomo amasoka mwana ali ndi miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo kumwamba kwa m'kamwa amatseka ali pafupi ndi chaka chimodzi kapena kupitirirapo pang'ono, asanazolowere kulankhulira m'mphuno. Nkhondo yaikulu ili m'miyezi yoyambayo, chifukwa mwana wotere amavutika kuyamwa, ndipo wowonda kapena wochepa magazi madokotala sangamugonetse. Muyamwitseni atakhala chotsamira, osati chogona, pafupipafupi. Akamalephera kukoka, mayi afinyire mkaka m'kapu yoyera n'kumumwetsa ndi kasupuni. Pitani naye ku sikelo mwezi uliwonse, ndipo uzani achipatala amulembe m'kaundula wa ana odikira opareshoni. Mabungwe monga Operation Smile ndi Smile Train amathandiza kuti opareshoniyi ichitike mwaulere ku Mozambique ndi ku Malawi, ndipo madokotala akamabwera uthenga umadzera m'zipatala ndi pa wailesi. Tcherani khutu ku wailesi za m'dera ndi ku mapulogalamu a Chinyanja a Rádio Moçambique ya ku Tete. Amene anakula nawo mlomo wotere asaganize kuti anachedwa; akuluakulu nawonso amasokedwa.

Nanga chilonda chija chimadya tsaya la mwana mpaka kuboola n'chiyani?

Dzina lake ndi noma. Chimagwira ana a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, makamaka onyentchera amene angodwala kumene chikuku kapena malungo. Chimayamba ngati tizilonda ta m'nkhama totuluka magazi, m'kamwa mumanunkha kwambiri, dovu limachuluka, mwana amakana chakudya. M'masiku ochepa tsaya limatupa, pakhungu pamaoneka banga lakuda, kenako mnofu umayoyoka. Osalandira chithandizo ambiri amamwalira. Koma chikadali m'nkhama chimagonja ndi mankhwala wamba opha tizilombo, kutsuka m'kamwa ndi chakudya chabwino, zinthu zimene centro de saúde iliyonse ingayambe. Mu Disembala 2023 bungwe la World Health Organization linaika noma pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a kumadera otentha, kuti maiko ayambe kuisaka ndi kuiwerenga. Amayi, mwana akadwala chikuku kapena akamaonda, muzimutsegula pakamwa n'kuyang'ana nkhama. Opulumuka ku noma itakula amatsala ndi chiboo pankhope kapena nsagwada zomangika, ndipo awa ndi amene amafunikadi katswiri. Asabisidwe m'nyumba.

Ife ku Malawi n'kufupi kuposa ku Tete. Bwanji osangopita kumeneko?

Funsoli ndi lomveka. Wa ku Tsangano amagulitsa mbatatesi pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off, pamene msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale ku Ntcheu ndi ku Dedza kuyambira nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992. Chinenero n'chimodzi, ndipo kufotokoza ululu wako m'chinenero chako si chinthu chaching'ono. Munthu akamabanika, chipatala chabwino ndi chimene mungafikeko msanga, kaya chili mbali iti. Koma dziwani kuti ku Malawi nakonso kuli makwerero omwewo: zipatala za Ntcheu ndi Dedza zimatumiza odwala nsagwada ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ndipo kummwera ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Akatswiri kumenekonso ndi owerengeka; dzikolo linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019. Mukasankha njira imeneyi dutsani pa chipata chovomerezeka monga Biri-Biri, Calómuè kapena Zóbuè ndi mapepala oyenera, ndipo funsiranitu malamulo ndi malipiro a odwala ochokera kunja. Chimene ndikuchenjezeni kwambiri ndi kudumphadumpha. M'bale wanga wina anakalembetsa pa chipatala china kutsidyako ndi dzina la msuweni wake ndi mudzi wa msuweniyo, poopa kubwezedwa. Anamudula kachidutswa, iye n'kubwerera kumudzi. Zotsatira zitatuluka achipatala anasaka munthu amene kunalibe, ndipo pamene iye ankakayambiranso kwina miyezi inali itapita, chotupa chitakula. Matenda ofuna maulendo ambiri, monga chotupa kapena mlomo wa mwana, sankhani mbali imodzi, lembetsani dzina lanu lenileni, ndipo khalani komweko mpaka ntchito ithe.

Zimafuna ndalama zingati, ndipo ndinyamule chiyani?

M'zipatala zing'onozing'ono za boma ku Mozambique, kwa zaka zambiri kuonana ndi wachipatala kwakhala metikali imodzi ndipo mankhwala a ku farmácia mametikali asanu. Ntchito zina za mano ndi za m'zipatala zazikulu zili ndi mitengo yake yolembedwa. Lipirani pa malo olipirira ndipo landirani lisiti. Wina akakupemphani ya m'manja kuti muonedwe msanga, kuli Gabinete do Utente kumene madandaulo amalandiridwa. Ndalama zenizeni zimathera panjira: chapa (minibasi), chakudya, ndi malo ogona a wodikirira wodwala. Banja likhale pansi ligawane mtolowu ulendo usanayambe, ndipo amene alibiretu afunse za atestado de pobreza, kalata yotsimikiza kuti ndi wosauka, kwa akuluakulu a m'dera ndi za Acção Social ku chipatala. Nyamulani guia, chiphaso chanu cha BI kapena cédula, khadi la sikelo ngati ndi mwana, zithunzi za mafupa zimene anakujambulani kale, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo a TARV (ma ARV), a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Musabise matenda amenewa. Sakulepheretsani opareshoni, koma dokotala ayenera kuwadziwa. Mapepalawa aikeni m'pulasitiki, ndipo ngati pali foni yojambula ajambuleni onse. Wodikirira akhale munthu womva Chipwitikizi, chifukwa mumzinda wa Tete chimamveka kwambiri ndi Chinyungwe, ku Beira Chisena ndi Chindau, ndipo wodwala nsagwada sangathe kudzilankhulira bwino.

Ndikapita ku chipatala cholipira, ndidziwa bwanji kuti amene akundionayo ndi katswiri weniweni?

Funsani mosaopa, si mwano. Mufunseni ngati ndi médico dentista kapena cirurgião maxilo-facial, ndiponso chipatala chachikulu chimene amachitirako maopareshoni. Katswiri weniweni sakwiya ndi funso lotere. Sadula chotupa asanajambule fupa, amatumiza chimene wachotsa ku labotale, amakuuzani zoopsa zimene zingachitike monga dzanzi la mlomo, ndipo amakulemberani pa pepala chimene wachita. Amene akulonjeza kuchotsa chotupa cha nsagwada pa mpando tsiku lomwelo, kapena wozula mano pamsika ndi chopanira chimodzi kwa anthu onse, muthaweni. Kumeneko anthu amatengako matenda a chiwindi ndi HIV, ena amathyoledwa nsagwada imene inali yabwinobwino. Chipatala cholipira chimathandiza kujambulitsa msanga ndi kumva maganizo a dokotala wachiwiri, koma opareshoni yaikulu nthawi zambiri imakathera ku chipatala cha boma, choncho guia yanu musaitaye.

Opareshoni ikatha ndipo ndikumva bwino, n'kofunikabe kubwerera kutali konseko?

N'kofunika, ndipo apa ndi pamene ambiri amatayira ntchito yonse. Wa mawaya amayenera kuonedwa kuti mano akukumana bwino asanamumasule, kenako amaphunzitsidwa kutsegula pakamwa pang'onopang'ono kuti nsagwada isaume. Ameloblastoma imatha kumeranso patapita zaka zisanu kapena khumi, mwakachetechete monga poyamba, ndipo chimaigwira msanga ndi chithunzi cha fupa chojambulidwa pa nthawi imene dokotala wanena. Mwana wosokedwa mlomo amadikirabe opareshoni ya kumwamba kwa m'kamwa, ndipo makutu ake ndi kalankhulidwe kake ziyenera kutsatiridwa. Musanatuluke m'chipatala funsani dokotala kuti ndi maulendo ati amene angachitikire pafupi, monga kuchotsa ulusi ndi kutsuka bala ku Furancungo, ku Tsangano kapena ku Ulónguè, ndi ati amene afunika iye mwini. Akulembereni zimenezo pa pepala loti mukapereke ku chipatala cha kwanu. Ngati tsiku lobwerera lagwa pakati pa dzinja kapena nthawi yokolola, nenani pomwepo kuti alisunthe mukadali m'chipindamo, ndipo ndalama ya chapa ya tsikulo muipatule pa zokolola zoyamba.